Zomwe sefa ya ku CERN imataya



Makolo olemekezeka, akuluakulu a komiti ya mzikiti, ndi inu ana athu a pasukulu pano, ulendo uno ndikutengerani kutali, kumalire a Switzerland ndi France, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Kumeneko kuli bungwe la kafukufuku wa sayansi lotchedwa CERN, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1954. Pansi pa nthaka, mamita pafupifupi 100 kuya kwake, kuli ngalande yozungulira yotalika makilomita 27, ndipo m'ngalandemo muli makina otchedwa Large Hadron Collider, mwachidule LHC. Ambiri a inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 mudamvapo kuti makinawa ndi omwe adapezera kanthu kotchedwa Higgs boson mu 2012. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pa zonse zomwe makinawa amaona, zoposa 99.99 pa 100 iliyonse zimatayidwa nthawi yomweyo, munthu asadaziyang'ane n'komwe, ndipo zikapita zapita.

Nditamva izi koyamba mtima udakayika. Pabwalo la mfumu zitabwera mboni 40,000, mfumu n'kulola imodzi yokha kulankhula, enawo n'kuwabweza, tonse tingachoke tikunong'onezana kuti mlanduwu wagulidwa. Nanga asayansi akachita zofananazo tiwakhulupirire chifukwa chiyani? Ndakhala ndikuifatsira nkhaniyi, ndipo pomwe ndaima ndi apa: kutayako n'koyenera, kumachitika mwachilungamo, koma kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo udalipiridwapo kale kamodzi mowawa. Amene amakamba za makinawa ngati diso loona chilichonse akusocheretsa ana athu.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'ngalandemo. Mapulotoni, tinthu tija timakhala pakati pa atomu, amathamangitsidwa m'mapaipi awiri, ena kulowera uku ena uko, pa liwiro lotsala pang'onong'ono kufika pa liwiro la kuwala. Pa sekondi imodzi amazungulira ngalande yonse koposa ka 11,000. Amayenda m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse kali ndi mapulotoni oposa mabiliyoni 100. Pamalo anayi timaguluti timadutsana, ndipo pamalo amenewo ndi pomwe adamanga makina akuluakulu ojambula: ATLAS, CMS, ALICE ndi LHCb. ATLAS yokha ndi yaitali mamita 46, msinkhu wake mamita 25, kulemera matani 7,000. CMS ndi yaying'onopo koma imalemera matani 14,000. Timagulu timadutsana mpaka ka mamiliyoni 40 pa sekondi. Mapulotoni ambiri amangophonyana, koma pa kudutsana kulikonse makumi angapo amawombana maso ndi maso, masiku ano mpaka 60 kapena kuyandikira pamenepo. Mukawonkhetsa, ndi kuwombana koposa biliyoni imodzi pa sekondi.

Kudutsana kulikonse makina ojambula aja amatenga chomwe ndichitche chithunzi: ndondomeko ya tinthu tonse tomwe tathothoka, komwe talowera ndi mphamvu zake. Chithunzi chimodzi chimalemera pafupifupi megabyte imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, chosasiyana kwenikweni ndi chomwe mumajambula pa foni. Tsono chulukitsani ndi mamiliyoni 40. Mupeza ma terabyte 40 pa sekondi, kutanthauza mafoni a 64 GB oposa 600 odzaza thothotho pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, miyezi yambiri pa chaka. Palibe nthambo zomwe zingatulutse deta yonseyi m'makinamo, palibe nkhokwe yoti n'kuisunga, ndipo ikadasungidwa sakadapezeka woiwerenga. Choncho funso loti bwanji osasunga zonse lathera pomwepa. Latsala ndi loti asunge ziti, ndipo wosankha akhale ndani.

Wina angati: atole mwachisawawa, chithunzi chimodzi pa zikwi zingapo zilizonse, kuti pasakhale tsankho. Maganizo ooneka achilungamo, koma angaphe ntchito yonse. Kuwombana kochuluka kumabala tinthu tomwe asayansi adatidziwa kale zaka makumi apitawo. Higgs imabadwa kamodzi pa kuwombana koposa biliyoni, ndipo ikabadwa siichedwa, imasweka isadasunthe n'komwe, moti chomwe chimaoneka ndi zibenthu zake zokha. Zibenthu zosavuta kuzindikira ndi zosowanso kwambiri: pa ma Higgs 1,000, awiri okha ndi omwe amasweka kukhala mafotoni awiri, timphindi ta kuwala, ndipo kusweka kopereka maelekitironi kapena ma muon anayi kumachitika pafupifupi kamodzi pa 10,000. Wotola mwachisawawa chithunzi chimodzi pa 40,000 akadataya ma Higgs 39,999 pa 40,000 aliwonse. Akadafika lero akudikirabe.

N'chifukwa chake pali chomwe akatswiriwo amachitcha trigger, dzina lobwereka ku kachitsulo kowombera mfuti. Ine ndichitcha sefa, poti ntchito yake ndi ya sefa ndi lichero. Ku ATLAS ndi ku CMS sefayi ili pawiri.

Sefa yoyamba ndi ya mawaya ndi timabokosi ta magetsi topangidwira ntchito imeneyi yokha, chifukwa kompyuta wamba ingachedwe. Ku ATLAS imapatsidwa ma microsecond awiri ndi theka kuti igamule, ku CMS pafupifupi anayi. Microsecond ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka miliyoni. Kuphethira kwa diso kumatenga ma microsecond oposa 100,000. Pamene sefa ikuganiza, chithunzicho chimadikira pamzere m'timabokosi tosungira deta tomwe tili pamakina pomwepo, ndipo kumbuyo kwake zithunzi zina zikubwera mosalekeza. Likapanda kubwera yankho loti sunga, chithunzi chatsopano chimalembedwa pamwamba pa chakalecho, basi kwatha. Kuti mumvetse changu chake, ganizirani izi: pakati pa kudutsana kumodzi ndi kotsatira, kuwala kumayenda mamita 7.5 okha. Ndiye kuti tinthu ta chithunzi choyamba timakhala tisadatuluke mu ATLAS pamene chachiwiri ndi chachitatu zachitika kale. Ngakhale kutalika kwa nthambo kumawerengedwa, poti uthenga woyenda m'nthambo umadya nawo nthawi yochepayo, ndipo n'chifukwa chake timabokosi togamula adatiika m'chipinda cha pansi pa nthaka choyandikana ndi makinawo. M'kanthawi kotere sefa siingaone chithunzi chonse. Imangoyang'ana mbali ziwiri mwachidule: gawo loyeza mphamvu za tinthu, ndi gawo lakunja logwira ma muon. Pa zithunzi mamiliyoni 40 imalola pafupifupi 100,000 pa sekondi, chimodzi pa 400.

Nanga imafuna zizindikiro zotani? Chachikulu ndi komwe zibenthu zalowera. Mapulotoni akangokhudzana pang'ono, zibenthu zimapitirira kutsogolo motsatira paipi. Koma pakabadwa kanthu kolemera n'kusweka, zibenthu zake zimaulukira m'mbali mwamphamvu. Choncho sefa imafunsa: kodi pali muon yomwe yaulukira m'mbali ndi mphamvu yaikulu? Muon ndi mbale wake wa elekitironi, wolemera kuposa iye ka 200, ndipo imaboola zitsulo zonse mpaka kufika kunja kwenikweni kwa makina komwe tinthu tina sitifikako, kotero ikaoneka siisokoneza. Kodi pali mafotoni awiri amphamvu? Kodi pali mtsinje wa tinthu tambiri tolowera kumodzi, womwe iwo amautcha jet? Funso lomwe limandisangalatsa kwambiri ndi la chinthu chosowa. Mapulotoni amabwera molunjika, opanda kukankhira m'mbali, choncho zibenthu zoulukira kumanja ziyenera kufanana mphamvu ndi zoulukira kumanzere, monga sikelo ya pamsika. Sikelo ikapendekeka, ndiye kuti kanthu kena katuluka osaoneka, mwina neutrino, mwina kena kosadziwika. Sefa imasunga chithunzi chifukwa cha chinthu chomwe sichidajambulike.

Zithunzi 100,000 zija zimapita ku sefa yachiwiri, yomwe ndi chipinda chodzaza makompyuta zikwizikwi. Iyi ili ndi nthawi yochulukirapo, gawo la sekondi pa chithunzi chilichonse, ndipo imatha kulondola njira za tinthu m'kati mwenimweni mwa makina n'kutsimikiza ngati chomwe sefa yoyamba idachiyesa elekitironi chilidi elekitironi. M'zaka za 2015 mpaka 2018 inkalola pafupifupi zithunzi 1,000 pa sekondi. Kuyambira 2022 imalola zikwi zingapo. Zimenezo ndi zomwe zimalembedwa m'nkhokwe za CERN n'kugawidwa ku malo a makompyuta pafupifupi 170 m'maiko oposa 40. Asayansi a ku South Africa adalowa mu ATLAS mu 2010, a ku Morocco alimonso, ndipo a ku Egypt ali mu CMS. Onsewo, kulikonse komwe ali, amawerenga zokhazo zomwe sefa idalola.

Malamulo a sefa salembedwa ndi makina. Amalembedwa ndi anthu, pamndandanda womwe amautcha menu, wokhala ndi mizere mazanamazana. Mzere wina umati sunga chithunzi chilichonse chokhala ndi muon ya mphamvu yoposa pafupifupi 25 GeV. GeV ndi muyeso wawo wa mphamvu ndi kulemera komwe. Pulotoni imodzi imalemera pafupifupi GeV imodzi, Higgs imalemera 125. Mzere uliwonse umadya gawo la malo ochepa aja. Ofufuza za Higgs akufuna gawo lawo, ofufuza za quark yolemera yotchedwa top akufuna lawo, osaka tinthu tatsopano nawonso akufuna lawo, ndipo mphika ndi umodzi. Wina akatsitsa malire ake kuti agwire zambiri, mnzake ayenera kukweza ake. Aliyense amene adakhalapo pa komiti yogawa ndalama zochepa ku ntchito zambiri akudziwa mmene misonkhano yotere imayendera. Sindikunena izi monyoza ayi. Ndikungofuna muone kuti pansi pa mawaya onsewo pali chigamulo cha anthu, chomwe chingakhale chanzeru kapena cholakwa.

Ndiye chilungamo chake chili pati? Tibwerere kwa mfumu ija. Mfumu yogulidwa imayamba yamva mboni, kenako n'kusankha yoikomera. Ku CERN lamulo limalembedwa mapulotoni asadawombane, ndipo sefa siidziwa yankho lomwe wasayansi akulilakalaka. Imayeza mphamvu ndi mbali, basi. Kusintha kulikonse kwa menu kumalembedwa ndi nthawi yake, kotero wowerenga deta patapita zaka amadziwa lamulo lomwe linkagwira ntchito tsiku limenelo.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe chidandigonjetsa, n'chakuti amayeza kuchuluka kwa zomwe sefa ikuphonya. Njira imodzi ndi yokoma kwambiri. Pali kanthu kodziwika bwino kotchedwa Z boson, kolemera 91 GeV, komwe nthawi zina kamasweka kukhala ma muon awiri. Muon imodzi ikachititsa kuti chithunzi chisungidwe, inzake imalowa nawo ulere. Tsono akatswiri amaitenga yachiwiriyo n'kufunsa: iyi ikadakhala yokha, kodi sefa ikadaiona? Akachita zimenezi pa zithunzi mamiliyoni, amadziwa kuti pa ma muon 100 a mphamvu yakuti, olowera mbali yakuti, sefa imagwira angati, ndipo amakonza masamu awo molingana. Kuwonjezera apo, zithunzi wamba sizitayidwa zonse. Mizere ina ya menu imati pa zithunzi za mtundu wakuti sunga chimodzi pa 1,000 chilichonse, ndipo pali mzere wina womwe umatola mwachisawawa osayang'ana kalikonse. Mayi wopeta mpunga akamatapako mankhusu apo ndi apo kuti aone ngati mulibe mpunga wogwa, amadziwa ngati dzanja lake likupeta bwino. Mzere wachisawawa uja ntchito yake ndi imeneyo.

Chachitatu, ATLAS ndi CMS adamangidwa mosiyana, ndi magulu osiyana, sefa zawo zosiyana. Pa 4 July 2012 onse awiri adalengeza kanthu katsopano kolemera pafupifupi 125 GeV, aliyense kuchokera ku deta yake. Peter Higgs ndi François Englert, omwe adakalosera mu 1964, adalandira mphotho ya Nobel mu 2013. Sefa ziwiri zosiyana kupeka bodza lofanana pamalo amodzi, zimenezo sindingavomereze.

Apa ndiye pothera chitetezo changa, chifukwa zonse ndanenazi zimateteza ku chinyengo ndi ku masamu olakwa. Siziteteza ku chinthu chomwe palibe adachiganizira. Mungayeze kuti sefa ikuphonya ma muon angati chifukwa muon mukuidziwa. Kanthu komwe simukudziwa maonekedwe ake, mungayeze bwanji kuti kakutayika kangati?

Mbiri ya ntchitoyi ili ndi mbali zonse ziwiri. Mu 1932 Carl Anderson ku California adapeza positron, mnzake wa elekitironi wa mphamvu ya magetsi yosiyana, pa zithunzi zojambulidwa mwachisawawa m'chipangizo chodzaza nthunzi momwe tinthu timasiya mizere. Zithunzi zambiri zinkatuluka zopanda kanthu. Nthawi yomweyo ku Cambridge, Patrick Blackett ndi Giuseppe Occhialini adaika zida zowerengera tinthu pamwamba ndi pansi pa chipangizo chotere, kuti chizijambula pokhapokha zida zonse ziwiri zikagunda pamodzi. Tinthu tidayamba kudzijambula tokha, zithunzi zambiri zidayamba kutuluka ndi mizere, ndipo adatsimikiza positron ya Anderson. Amenewo ndi makolo a sefa ya lero. Pambuyo pake, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kudabwera zipangizo zojambula mizere ya thovu m'madzimadzi, ndipo zithunzi zake mamiliyoni zinkayang'anidwa chimodzichimodzi ndi anthu olembedwa ntchito imeneyo, ambiri mwa iwo amayi. Ntchito inali yochedwa, koma diso la munthu linkaima pa chilichonse chachilendo, ngakhale chomwe sadamutume. Georges Charpak atapanga chipangizo cha mawaya ambiri ku CERN mu 1968, chotumiza uthenga molunjika ku kompyuta, liwiro lidakwera kwambiri ndipo diso lija lidachotsedwa pakhomo. Pakhomopo padatsala lamulo lolembedwa.

Mtengo wake udaoneka posachedwa. Mu 1971 CERN idayatsa makina otchedwa ISR, oyamba padziko lonse kuwombanitsa mapulotoni ndi mapulotoni maso ndi maso. Gulu lina la asayansi a ku CERN pamodzi ndi a ku mayunivesite a Columbia ndi Rockefeller linkasaka maelekitironi obadwa awiriawiri. Atayatsa zida zawo, sefa idasefukira. Kunkatuluka tinthu totchedwa pion toulukira m'mbali mwamphamvu, tochuluka kuposa mmene aliyense ankayembekezera, ndipo m'zida zawo tinkaoneka ngati maelekitironi. Kusefukirako pakokha kudali chinthu chatsopano chofunika, chizindikiro choti m'kati mwa pulotoni muli tinthu tolimba tomwe tikuwombana. Koma matepi awo ankatha kulemba zithunzi zochepa chabe pa sekondi, choncho adachita zomwe aliyense akadachita: adakweza malire a mphamvu. Malire atsopanowo adagwera pomwe padabisala kanthu kolemera 3.1 GeV, komwe kamasweka kukhala elekitironi ndi positron. Makinawo ankakabala, sefa n'kumakataya. Mu November 1974 Samuel Ting ku Brookhaven ndi Burton Richter ku SLAC, onse ku America, adalengeza kanthu kameneka, lero kamatchedwa J/psi, komwe kadatsimikiza kuti kuli quark yachinayi yotchedwa charm. Adalandira Nobel mu 1976. A ku ISR aja eni ake adaifotokoza nkhaniyi poyera patapita zaka, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Palibe adanama, palibe adachita ulesi. Chigamulo chanzeru cha tsiku limenelo ndi chomwe chidawamana.

Nkhaniyi ndaichedwerapo chifukwa zomwe zikuchitika lero zikufanana nayo. Chiyambire 2012, LHC yayeza zinthu zambiri molondola kwambiri ndipo yapeza tinthu tambiri topangidwa ndi ma quark odziwika kale, koma kanthu katsopano kenikeni kopitirira chiphunzitso chomwe chilipo sikadaoneke. Pomwepo akatswiri a zakuthambo akuti zinthu zambiri zolemera m'chilengedwe ndi za mtundu wosaoneka womwe chiphunzitsocho sichiufotokoza. Mwina tinthu timeneto n'tolemera kuposa mphamvu ya makinawa. Mwina makinawa satibala n'komwe. Koma mwinanso akutibala tsiku ndi tsiku. Sefa idamangidwa ndi chiyembekezo choti kanthu katsopano kadzakhala kolemera, kadzasweka nthawi yomweyo pakatikati pa makina, ndipo zibenthu zake zidzakhala zamphamvu. Nanga kakakhala kopepuka, kosweka kukhala zibenthu zofooka zomwe zimamira m'nyanja ya zithunzi wamba? Nanga kakayenda mamita angapo kasadasweke, kapena kakachedwa mpaka kukaonekera m'chithunzi chotsatira? Ngakhale Higgs yomwe tikuidziwa imationetsa vutoli. Pa ma Higgs 100, pafupifupi 58 amasweka kukhala ma quark awiri a mtundu wa b, njira yochuluka kuposa zonse, koma njira imeneyi idatsimikizidwa mu 2018, patapita zaka 6. Ma jet otere amabadwanso mochuluka zedi m'kuwombana wamba, moti sefa siingawalole onse. Asayansi adachita kudalira nthawi zosowa pamene Higgs yabadwira limodzi ndi W kapena Z, kuti muon kapena elekitironi ya mnzakeyo itsegule chitseko.

Kunena zoona, eni ntchitowo sakugona. Kuyambira 2011 CMS ili ndi njira yosunga chidule chokha cha chithunzi, manambala ochepa omwe sefa yachiwiri idawerengera, m'malo mwa chithunzi chonse. Chidule n'chopepuka, choncho amasunga zochuluka kwambiri ndi malire otsika. ATLAS ili ndi njira yofanana. Mtengo wake ndi woti chidulecho chikakhala ndi cholakwika, choyambirira kulibe choti n'kubwererako. Njira ina ndi yoimika zithunzi m'nkhokwe osaziwerenga mpaka makompyuta atapeza mpata. Mu 2018 CMS idaimika motere zithunzi pafupifupi mabiliyoni 10 zokhala ndi ma quark a b. LHCb idachita molimba mtima kuposa onse: kuyambira 2022 idachotseratu sefa yoyamba ya mawaya, ndipo zithunzi zonse, pafupifupi mamiliyoni 30 pa sekondi, zimayang'anidwa ndi mapulogalamu oyenda pa ma GPU, timakina tija anyamata amatifunira masewera a pa kompyuta. Adatha kutero chifukwa zithunzi zawo n'zopepukirapo kuposa za ATLAS ndi CMS. Ngakhale iwo, kumapeto amatayabe zambiri.

Chatsopano kwambiri ndi kuika makina ophunzira okha mu sefa yoyamba. CMS ili ndi pulogalamu yotchedwa AXOL1TL, yomwe idaphunzitsidwa ndi zithunzi zotoledwa mwachisawawa zija mpaka idazolowera maonekedwe a kuwombana wamba. Siiuzidwa choti isake. Ikangoona chithunzi chosafanana ndi zomwe idazolowera, imati sunga. Kumeneku ndi kuyesa kubwezeretsa diso la amayi aja pakhomo, ndipo ndikukuyamikira. Komabe ndili ndi nkhawa. Lamulo loti muon yoposa 25 GeV, mwana wa Fomu 4 angalimvetse n'kulitsutsa. Pulogalamu yomwe yangoti ichi n'chachilendo, ngakhale oipanga amavutika kufotokoza chomwe yaona, ndipo chachilendo chingakhale waya wothothoka kapena chipangizo chomwe chayamba kulakwitsa. Choopsa kwambiri n'chakuti ingazolowere kanthu katsopano komwe kali kale m'zithunzi zophunzirira n'kumakayesa wamba. Sefa yomwe sitingathe kufotokoza lamulo lake imafunika kuyezedwa kwambiri kuposa yakale, ndipo choyezera chake ndi chomwe chija, mulu wotoledwa mwachisawawa.

Choncho ine ndikadakhala ndi mawu pa msonkhano wogawa malo a pa menu, ndikadamenyera mizere yomwe ilibe mwini. Mzere wa Higgs uli ndi mazana a anthu ouikira kumbuyo, poti madigiri awo ndi ntchito zawo zili pamenepo. Mzere wachisawawa ndi mizere ya zizindikiro zachilendo siibweretsa mphotho chaka chino, ndipo malo akachepa ndi yomwe imakhala yosavuta kuidula. Ndikudziwa yankho lomwe ndingapatsidwe, ndipo ndi lolemera: chithunzi chilichonse chosungidwa mwachisawawa chalanda malo a chithunzi chomwe tikudziwa kuti n'chothandiza, ndipo kanthu kosowa kamodzi pa biliyoni simungakapeze m'mulu wachisawawa ngakhale muukulitse kakhumi. N'zoona. Muluwo paokha sungapeze kanthu katsopano. Ntchito yake ndi kutiuza ngati sefa zina zija zikuona bwino, ndi kuphunzitsa mapulogalamu osaka zachilendo. Popanda iwo, ena onse akuyenda mumdima. Yankho lina ndi loti CERN imatsegula deta yake kwa anthu onse kudzera pa intaneti kuyambira 2014, kotero aliyense angafufuze yekha. Ndi chinthu chabwino, ndipo wophunzira wa Physics wokhala ndi kompyuta angachiyese. Koma deta yotsegulidwayo ndi yomwe idadutsa pa sefa. Zotayidwa zija palibe angazitsegule.

Inu ophunzira, mukamva wina akuti asayansi aona chakuti, kapena sadaone chakuti, mawu achiwiriwo muziwamva mosamala kuposa oyambawo. Pepala lililonse la ATLAS kapena CMS lonena kuti sadapeze kanthu limafotokozanso mizere ya sefa yomwe idagwiritsidwa ntchito ndi malire ake, ndipo tanthauzo lenileni la mawuwo ndi loti sadakapeze pakati pa zithunzi zomwe zidakwanitsa malamulo amenewo. Manyuzipepala ndi omwe amadula chiganizocho pakati.

Cha m'ma 2030 makinawa akuyembekezeka kuyambanso atawonjezeredwa mphamvu, pansi pa dzina loti High-Luminosity LHC. Pa kudutsana kulikonse padzakhala kuwombana mpaka 200 m'malo mwa 60, zonse zitaunjikana pa chithunzi chimodzi. Sefa zikumangidwanso. Yoyamba ya CMS idzalola zithunzi 750,000 pa sekondi, idzapatsidwa ma microsecond 12.5, ndipo kwa nthawi yoyamba idzatha kuona njira za tinthu m'kati mwa makina isadagamule. Ya ATLAS idzalola miliyoni imodzi. Zosungidwa kumapeto zidzafika pafupifupi 10,000 pa sekondi ku ATLAS ndi 7,500 ku CMS. Werengani nokha: 10,000 pa mamiliyoni 40 ndi chithunzi chimodzi pa 4,000. Zotsala 3,999 zidzafufutidwabe, ndipo mndandanda wogamula zimenezo ukukambidwa panopa.